Ayisi wa ku Arctic akutha koma ku Ulaya akulira kuzizira: mmene mungaimvetsere nkhaniyi nokha

Ikangofika Januwale kapena Febuluwale magulupu a WhatsApp amadzadza ndi mavidiyo a magalimoto atakwiririka mu sinoo, wina ali ku Ireland akutumiza chithunzi atavala majekete atatu mphuno ili psuu, ndiye sipalephera kupezeka wina pagulupu pomwepo wolemba kuti nanga si paja amati dziko likutentha, izi ndiye ziti? Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo mbali ina ya yankho lake ili kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku nyanja ya Arctic, kumene ayisi woyandama pamadzi akunka nachepa. Ndikupatsani njira yoti muimvetse nokha nkhaniyi ndi zinthu za pakhomo pompano, muthe kuifotokozera mwana wa fomu 3 amene jogalafe ikumuzunguza mutu kapena anzanu a pa bawo, komanso muzitha kuona pa foni zimene zikupita kwa m'bale wanu ali kunjayo iye asanayambe n'kudandaula komwe.

Choyamba siyanitsani ayisi, chifukwa ambiri timasokonezeka pomwepa. Pali ayisi wa pamtunda, ngati amene wakuta chilumba cha Greenland ndi dziko la Antarctica, ndiye pali ayisi wa panyanja amene ndi madzi amchere omwewo ataundana pamwamba. Madzi amchere saundana pa 0 ngati a mu fuliji mwanu, amadikira mpaka kuzizira kufike cha m'ma 1.8 kunsi kwa ziro. Nkhani yathu ndi ya wachiwiriyu. Kuti mwana aone kusiyana kwake, pezani kachidutswa ka ayisi, kaya kwa amene amagulitsa mabuloko kwa ogula nsomba aja kaya mu fuliji mwa aneba, ndi matambula awiri. Mu tambula yoyamba ponyanimo ayisi ayandame, thiranimo madzi, chongani pamene madzi alekeza. Yachiwiri thiranimo madzi okha, chongani, ndiye ayisiyo mumuike pa sefa ya tiyi pamwamba pa tambulayo kuti azidonthera mkati. Kuno kwathu simudikira nthawi yaitali. Mupeza kuti yoyamba ija madzi ali pomwe paja, yachiwiri akwera. Ndiye ayisi wa panyanja akasungunuka sakweza nyanja kwenikweni, amene amakweza ndi wa pamtunda. Ndipo poti tafika pamenepa tithane nayo inanso iyi: madzi aja analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mbali mwa nyanja ya Malawi kuno mu 2024 sanachokere ku ayisi aliyense. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, imadzadza ndi mvula ndi mitsinje basi, madzi a ku Arctic sangakwere phiri kubwera ku Makawa.

Nanga ngati sakweza nyanja vuto lake n'chiyani? Vuto ndi kutentha. Tengani mabotolo awiri apulasitiki ofanana, dzadzani madzi a mu ndowa imodzi, lina likulungeni ndi jumbo yakuda, lina ndi nsalu yoyera kapena pepala loyera. Aikeni pabwalo masana, dzuwa la Okutobala lija loti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasamula, pakatha ola limodzi thirani madziwo padzanja. Simufunika themomita, khungu likuuzani lokha. Choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa, chakuda chimamwa. Ayisi wokutidwa ndi sinoo yatsopano amabweza kuwala kopitirira 80 peresenti, pamene nyanja yopanda ayisi, imene ukaiona uli kumwamba imaoneka yakuda, imamwa kopitirira 90 peresenti. Ndiye onani mmene zimazungulirira: kwatentha pang'ono, ayisi wasungunuka, madzi akuda aonekera, amwa dzuwa lambiri, atentha, asungunula ayisi winanso. Ku Arctic m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa sililowa n'komwe, usana ndi usiku lili pompo, ndiye ganizani kutentha kumene nyanja imeneyo ikusunga.

Chachitatu ichi sichifuna chida chilichonse koma kudzuka m'mamawa. Mwezi wa Julayi, mwera utazizira bwino, pitani kunyanja kusanache. Pondani mchenga opanda nsapato, mumva kuzizira mpaka m'mano. Kenako lowetsani phazi m'madzi. Ofunda. Asodzi amene akubwera ku usipa nthawi imeneyo akuuzani kuti chimene chimawapweteka usiku ndi mphepo osati madzi, ndipo masiku ena mumaona ndithu kankhungu kakufuka pamwamba pa madzi. Kumeneko ndi kutentha ndi chinyezi zikuchoka m'nyanja kulowa mu mpweya. Mchenga umatentha msanga n'kuziziranso msanga, madzi amachedwa kutentha koma akasunga amatulutsa pang'onopang'ono. Ku Arctic zimenezi zimachitika mokulira kwambiri m'miyezi ya Okutobala, Novembala mpaka Disembala: dzuwa lapita, mdima wayamba, mpweya wazizira koopsa, koma malo amene kale nthawi imeneyi amakhala atatsekedwa kale ndi ayisi akadali madzi, ndiye kutentha konse kumene nyanja inamwa kuja kumatuluka. Ayisi akakhalapo amatchinga, kutentha sikudutsa kwambiri. Akachedwa kubwera ndiye kuti mpweya wa kumeneko ukhala wofunda kuposa mmene umayenera kukhalira. Musaiwale kumuuza mwanayo kuti nyengo zathu n'zosemphana, ife tikamafunda mabulangete mu Juni ndi Julayi iwo kumpoto kukutentha, ife tikamadzala chimanga mu Disembala iwo ndiye ali pakati pa winta.

Tsopano manambala, chifukwa pa bawo popanda manambala sakumverani. Masetilaiti akhala akuyeza ayisi ameneyu mosalekeza kuyambira 1979. Chaka chilichonse amakula mpaka mwezi wa Malichi, n'kumasungunuka mpaka Seputembala pamene amakhala wochepetsetsa. M'zaka za m'ma 1980 ikafika Seputembala kumatsala ayisi wokuta masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu Seputembala 2012 kunatsala 3.4 miliyoni yokha, theka ndithu, ndipo chimenecho ndi chaka chimene ayisi anachepa kwambiri. Tikatengera zaka zonsezi, ayisi wa mu Seputembala wakhala akuchepa ndi pafupifupi 12 peresenti pa zaka khumi zilizonse. Wa m'nyengo yozizira nayenso sakufika pamene amafika kale, mu Malichi 2025 analekeza pa 14.33 miliyoni, kuchepa kumene kunali kusanaonekepo chiyambire kuyeza. Ndipo wotsalayo ndi wopyapyala, ayisi wakale wokhuthala uja amene amatha zaka zambiri osasungunuka watsala pang'ono. Akatswiri a ku Finland anawerengetsera mu 2022 n'kupeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Zimene ndanena mpaka apazi palibe katswiri amene akutsutsa, mutha kuzinena mutakweza mawu.

Pamene pali mkangano ndi apa tikulowapa, ndiye muwerenge mofatsa.

Kumwamba, makilomita 9 mpaka 12, mmene mumauluka ndege zikuluzikulu, muli mphepo yamphamvu imene imazungulira dziko kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, dzina lake jet stream. Nthawi zina imathamanga kupitirira makilomita 300 pa ola, n'chifukwa chake ndege yochoka ku New York kupita ku London imafika msanga kusiyana ndi yobwerera. Mphepo imeneyi ndi imene ili malire, kumpoto kwake kuli mpweya wozizira wa ku Arctic, kummwera kwake wofunda. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali ziwirizi, kusiyana kukakula iyo imalimba. Pofotokoza apa ine ndimagwiritsa ntchito Shire. Pamene pali potsetsereka kwambiri, ku Nkula, Tedzani, Kapichira, madzi amathamanga sacheuka. Akafika kuchigwa ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kuli kwathyathyathya, mtsinje womwewo umayamba kukhotakhota, uku wapita uku wabwerera, pena kungoima m'madambo. Mu 2012 Jennifer Francis ndi Stephen Vavrus, akatswiri a ku America, anabwera ndi ganizo lofanana ndi limeneli: Arctic ikamatentha msanga kuposa kummwera, kusiyana kuja kumachepa, jet stream imafooka n'kumakhota kwambiri. Pamene yakhotera kummwera imatsika ndi mpweya wa ku Arctic mpaka kumadera amene sanauzolowere, pamene yakhotera kumpoto imakweza mpweya wofunda, ndiye mutha kumva kuti tsiku lomwelo ku Alaska kukufunda pamene ku Texas mapaipi akuphulika. Komanso makhotawo akakula amayenda pang'onopang'ono, nyengo imodzi imakakamira malo amodzi masiku ambiri.

Pamwamba pa jet stream palinso china chimene mumachimva pa nkhani, polar vortex. Iyi ili kumwamba zedi, kuyambira cha m'ma kilomita 15 kukafika 50, ndi kamvuluvulu wamkulu wa mpweya wozizira amene amapangika pamwamba pa Arctic mdima ukayamba, n'kutha dzuwa likabwerera. Si chinthu chachilendo ayi, imakhalapo winta iliyonse. Ikakhala yolimba, yozungulira bwino, kuzizira kumakhala kotsekeredwa kumpoto konko ndipo ku Ulaya amakhala ndi winta ya mvula ndi mphepo koma yosazizira kwambiri. Koma nthawi zina mafunde a mpweya ochokera pansi amakwera n'kukaigunda, mpweya wa kumwambako umatentha modzidzimutsa, ngakhale ndi madigiri 50 m'masiku ochepa, mphepo ija imafooka kapena kutembenuka kumene, vortex n'kusendera pambali, kutamuka, kapena kugawika pawiri. Azanyengo amazitcha sudden stratospheric warming, mwachidule SSW, ndipo zikuluzikulu zimachitika pafupifupi ka 6 pa zaka khumi. Ayisi akulowa bwanji apa? Malo oti muwaloweze pamtima ndi nyanja ziwiri za kumpoto kwa Norway ndi Russia, Barents ndi Kara, kumene ayisi wa m'nyengo yozizira wachepa kwambiri. Akatswiri ena, wodziwika kwambiri ndi Judah Cohen, amati kukakhala kopanda ayisi kumeneko, kuphatikiza sinoo yambiri ku Siberia mu Okutobala, mafunde aja amakula mphamvu ndiye vortex imagundidwa kawirikawiri.

Zitsanzo zoti mupereke zilipo ziwiri zabwino. Mu Febuluwale 2018 vortex inagawika, patapita masabata awiri mphepo yochokera ku Siberia inafika ku Britain ndi Ireland, ija anaipatsa dzina loti Beast from the East, masukulu anatsekedwa, ndege zinaima, ku Ireland buledi anatha m'mashopu. Amene ali ndi abale ku Dublin awafunse, sanaiwale. Chachiwiri ndi Texas mu Febuluwale 2021, vortex itasokonezeka kumayambiriro kwa Januwale. Dera loti anthu ake anazolowera kutentha, nyumba zawo ndi makina a magetsi sanapangidwire kuzizira kotero, nyumba zoposa 4 miliyoni zinakhala mu mdima ndipo boma la Texas linawerenga anthu 246 amene anamwalira. Ife kuzima kwa magetsi tinakuzolowera koma osati kunja kuli kunsi kwa ziro.

Pa ya 2018 ija pali kenanso kamene ine ndimakaona kuti n'kosavuta kumvetsa kuposa zonse. Sinoo imafuna chinyezi. Mpweya wozizira ukadutsa pamwamba pa ayisi sutola kanthu, koma ukadutsa pamadzi osaundana umatola nthunzi yambiri, ija mwaiona m'mamawa kunyanja ija, n'kukaikhutula kutsogolo ngati sinoo. Gulu lotsogozedwa ndi Hannah Bailey wa ku yunivesite ya Oulu ku Finland linayeza nthunzi ya nthawi imeneyo n'kupeza kuti nyanja ya Barents, imene mbali yaikulu inalibe ayisi, inatulutsa madzi okwana matani 140 biliyoni, ndipo mwina mpaka 88 peresenti ya sinoo yatsopano imene inagwa kumpoto kwa Ulaya inachokera kumeneko. Ndiye wina akakuonetsani chithunzi cha sinoo yofika m'chiuno, kumbukirani kuti sinoo yambiri ndi kuzizira kwambiri si chinthu chimodzi. Anthu a mu mzinda wa Buffalo ku America amazidziwa bwino, sinoo yawo yoopsa imabwera nyanja ya Erie isanaundane, ikaundana imachepa.

Koma musathamange kukauza anthu kuti asayansi atsimikiza kuti ayisi ndi amene akubweretsa kuzizira ku Ulaya, mukakumana ndi wowerenga akuchititsani manyazi. Ganizo la Francis lija litangotuluka, Elizabeth Barnes anaonetsa mu 2013 kuti yankho limasintha malinga ndi mmene wayezera kukhotako. James Screen ndi Russell Blackport ku yunivesite ya Exeter anafunsa funso lovuta: kodi ndi kuchepa kwa ayisi kumene kukusintha mphepo, kapena ndi mphepo yomweyo imene ikukankhira mpweya wofunda ku Barents n'kusungunula ayisi, uku ikutsitsira kuzizira ku Siberia? Zinthu ziwiri kuchitikira limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Magulu ambiri atayesa pa makompyuta akuluakulu, kuchotsa ayisi dala n'kuona chimene mphepo ichite, zotsatira zimene zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti inde mphepo ya kumadzulo ija imafooka, koma pang'ono, kochepa poyerekeza ndi mmene nyengo imasinthira yokha chaka ndi chaka. Nalo lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a za kusintha kwa nyengo la United Nations, linati umboni wa kulumikizana kumeneku ndi wofooka. A mbali ya Cohen amayankha kuti makompyutawo ndi amene akuchepetsa nkhani. Mkanganowo sunathe. Vuto lina ndi loti zaka zoyeza ndi setilaiti n'zochepa, makumi anayi ndi kakuti, ndipo winta iliyonse ili ndi zake, El Niño alowererapo, nyanja ya Atlantic ilowererapo.

Mmene ine ndimaionera, ndipo ndi mmene ndingakulangizireni kuti muziyankhira, muziika nkhaniyi m'milu itatu. Mulu woyamba ndi zosakanika: ayisi akuchepa, Arctic ikutentha msanga, ndipo mawinta a ku Ulaya, America ndi Asia tikawaphatikiza onse akunka nafunda, masiku ozizira koopsa akuchepa osati kuchuluka. Mpweya wa ku Arctic womwewo ukatsika masiku ano sufika wozizira ngati mmene umafikira zaka 50 zapitazo, poti kumene ukuchokerako kwafunda. Mulu wachiwiri ndi zomveka ndithu, monga ya chinyezi ndi sinoo ija, ndi kufunda kwa madera oyandikana ndi nyanja zimene zataya ayisi. Wachitatu ndi wa mkangano, zoti jet stream ikukhota kwambiri kapena vortex ikusweka kawirikawiri chifukwa cha ayisi. Munthu amene akunena kuti kwazizira ku Chicago ndiye kutentha kwa dziko ndi bodza walakwitsa, ngati senata James Inhofe uja analowa ndi mpira wa sinoo mu nyumba ya malamulo ku Washington mu 2015. Koma nayenso amene chilichonse chikachitika amati ndi ayisi walumpha mfundo.

Tsopano pa foni. Sizifuna bandulo yaikulu kwambiri koma ngati netiweki ikuvuta dikirani usiku. Lowani pa webusayiti ya NSIDC, likulu loona za sinoo ndi ayisi limene lili ku Boulder, Colorado, mufufuze pamene alemba Sea Ice Today. Mupeza mapu oonetsa pamene ayisi walekeza dzulo lomweli, ndi mzere wina wosonyeza pamene amalekezera pakati pa 1981 ndi 2010. Musamangoona nambala yonse, yang'anani mbali ya kumpoto kwa Norway ndi Russia, ku Barents ndi Kara kuja, muone mpata umene uli pakati pa ayisi ndi mzerewo mu Novembala ndi Disembala. Pali galafu yake imene imaika chaka chino pambali pa 2012. Dziwaninso kuti iwo amawerenga malo alionse amene ayisi wakuta 15 peresenti kapena kuposa, ndiye nambalayo siikuuzani za kukhuthala kwake.

Kenako tsegulani earth.nullschool.net, iyi ndiye ana amaikonda chifukwa mphepo imaoneka ikuyenda. Dziko limabwera lozungulira, litembenuzeni ndi chala mpaka Arctic ikhale pakati. Dinani pamene alemba earth pansi kumanzere, pa mzere wa Height sankhani 250 hPa. Chimene chikuoneka chowala chikuzungulira ndi jet stream ija. Muione ngati yayenda mowongoka kuchoka ku America kuwoloka Atlantic, kapena yapinda kwambiri. Ndiye pezani pamene pali m'bale wanu: ngati mzinda wake uli kumpoto kwa mphepoyo, mkati mwa khota lotsikira kummwera, ali mu mpweya wozizira. Mukatero sankhani 10 hPa, imeneyo ndi polar vortex. Mu Disembala kapena Januwale ikakhala bwinobwino muona chozungulira chimodzi chachikulu pafupi ndi pakati. Mukaona chatamuka, chasendera ku Siberia kapena ku Canada, kapena zakhala ziwiri, yambani kutchera khutu. Mukatsegula mu Julayi simuipeza, musaganize kuti foni yawonongeka, nthawi imeneyo kulibe.

Chomaliza pa foni ndi nambala imene amaitcha Arctic Oscillation, bungwe la NOAA, loona za nyanja ndi nyengo ku America, limaitulutsa tsiku lililonse. Ikakhala pamwamba pa ziro kuzizira kwatsekeredwa kumpoto, ikatsika kwambiri kunsi kwa ziro ndiye kuti chitseko chatseguka. Winta ya 2009 kulowa 2010 inatsika modabwitsa ndipo ku Ulaya ndi kum'mawa kwa America anaona zakuda. Mukamva azanyengo a Met Office ku Britain kapena a Met Éireann ku Ireland akutchula SSW, werengani masabata awiri kapena kuposerapo, ndi nthawi imene zotsatira zake zimatsikira pansi. Sikuti nthawi zonse kumabwera kuzizira, ena amangodutsa opanda kanthu, komanso kumene kuzizirako kukagwere sikudziwika mpaka masiku atayandikira. Ndiye musamuopseze m'bale wanuyo, ingomuuzani kuti achimwene kapena achemwali, masabata akubwerawa muzimvera zanyengo.

Ndipo ngati wangopita kumene, winta yake yoyamba, pali zoti mumuuze zimene n'zofunika kuposa magalafu onsewa. Zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza zimafunditsa kuposa chijekete chimodzi, mutu, makutu, manja ndi mapazi zisakhale pamtunda, ndipo nambala yoti aziyang'ana pa foni ndi ija imasonyeza mmene thupi limvere mphepo ikamawomba, osati ya madigiri yokha. Azikhala ndi chakudya cha masiku angapo, tochi ndi pawabanki yodzadza. Koma chachikulu, magetsi akazima asayerekeze kuyatsa makala kapena jenereta m'nyumba yotseka, kapena kukhala mu galimoto yolira mu galaja. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsa osadzukanso, ndipo ku Texas kuja anthu ambiri anathamangira nawo kuchipatala, ena anafa, chifukwa cha zimenezi. Uthenga womwewu upitenso kwa anyamata athu ali ku Joni amene amagona ndi mbaula m'kachipinda mu Juni ndi Julayi, ngakhale kuno kumene.

Poti ndatchula Joni, wina afunsa kuti nanga mbali yathu ino ya kummwera? Ayisi wa ku Arctic ndi wa kumpoto, mwera wathu ndi chiperoni sizichokera kumeneko, zimabwera ndi mpweya wochokera kummwera chakum'mawa, ku nyanja ya Indian. Ayisi amene ali kumbali yathu ndi wozungulira Antarctica, ndipo iye kalendala yake ndi yotembenuza, amachepa mu Febuluwale n'kukula mpaka Seputembala. Kwa zaka zambiri ameneyu samachepa, mpaka mu 2014 anafika pochuluka kwambiri, kenako kuyambira 2016 anayamba kutsika. Mu Febuluwale 2023 anatsala masikweya kilomita 1.79 miliyoni, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho analekeza pafupi ndi 17 miliyoni, zonse ziwiri zochepetsetsa chiyambire kuyeza. Chaka chomwecho pa 10 Julayi ku Johannesburg kunagwa sinoo, koyamba kuchokera mu 2012, mavidiyo munawaona. Koma musalumikize ziwirizi ngati kuti wina anatsimikiza, sinoo ku Johannesburg imagwa mwa apo ndi apo kuyambira kale mpweya wozizira wochokera kummwera ukakwera pamtunda paja, mzindawu uli pamwamba mamita oposa 1,700. Pa nullschool pomwe paja mutha kutembenuza dziko n'kuona jet stream ya kummwera ikudutsa kunsi kwa Cape Town, imakhala yowongoka kuposa ya kumpoto chifukwa kulibe mapiri ndi maiko ambiri oipinda, ndi nyanja yokhayokha. SSW yaikulu kummwera kuno inaonekapo mu 2002 basi.

Za mwera wa sabata ino, ngati muli ndi bwato kapena mwana wanu akupita ku usipa usiku, zimenezo musakazifune ku NSIDC. Mverani chenjezo la a nthambi yoona zanyengo ya kwathu konkuno, amalengeza pa wailesi ndi pa tsamba lawo la Facebook mwera ukamabwera pa nyanja ya Malawi ndi Malombe.